Amalume anga amamvera lamulo ku Mbenji koma kwathu amalizemba

Novembala akangofika, pa gulupu yathu ya WhatsApp ya pachibale pamabuka mkangano womwe uja wa chaka ndi chaka. Achimwene anga, mwana wa mayi aakulu amene amagwira ntchito ku Lilongwe, amaponya chikalata chonena kuti nyengo yotseka nyanja yayamba, pansi pake nkulembapo kuti abale tiyeni tisamale nsomba zathu. Sipatenga nthawi amalume a ku Senga Bay amayankha, iwo salemba ayi amangojambula mawu, ndipo mawu ake amakhala aatali mphepo ya kunyanja ikumveka kumbuyo: iwe mphwanga, nyanjayo mwatsekera ndani, ife tokha kapena ndi mabwana omwe? Achimwene amati amalume nkhani si imeneyo, nkhani ndi yoti chambo chikutha. Amalume amati chambo chikutha ukundiuza ine? Nde ena onse timangokhala chete mpaka wina aponye uthenga wa maliro kapena wa chinkhoswe nkhani nkusintha.

Ine ndimakhala pa Kamuzu Road pano ku Salima, ndili ndi kashopu kanga, koma ndinakulira kunyanja, mayi anga agulitsa usipa moyo wawo onse. Anthu awiriwa ndimawadziwa bwino ndipo palibe wabodza pakati pawo. Chimene ndachiona nchoti sakutsutsana za nsomba nkomwe. Akutsutsana za lamulo, ndipo aliyense akamati lamulo akunena chinthu chimene iye anakumana nacho, osati chimene chinalembedwa.

Ndiyambe ndi amalume chifukwa ndi amene anthu amafulumira kuwaweruza. Munthu ameneyu anayamba ngati mlovi, kukoka khoka la eni ake ali kamnyamata, kenako anakhala siginala, uja amakhala yekha pa bwato la nyali usiku kuitana usipa kuti anzake aponye ukonde wa chilimila. Ntchito imeneyo si ya aliyense, umayenera kudziwa kumene madzi akukokera, kudziwa kuti mwera ukubwera usanafike, kudziwa kuti mwezi ukawala kwambiri usiku umenewo mwangotaya mafuta. Amalume akhoza kukuuzani chaka chimene iwo anayamba kuona kuti chambo chachepa, malo amene kale ankachipha pafupi pompa nkumachisankha chachikulu chokha, ndi mmene maso a maukonde akhala akucheperachepera chifukwa nsomba nazo zachepa msinkhu. Palibe lipoti limene lingawauze zachilendo pa nkhani imeneyi.

Koma chaka china atadzikoka nkugula ukonde wawo pa ngongole, anthu olondera panyanja anawapeza nawo mu nyengo yotseka, anaulanda nkuuwotcha pamchenga anthu akuona. Kulakwa analakwadi, iwonso sakana. Chimene sachiiwala nchoti sabata yomweyo, usiku, boti lalikulu la injini linkakokera ukonde wake pafupi ndi kumtunda, malo amene malamulo amati maboti otere asafikeko, magetsi ake akuoneka bwinobwino kuchokera pakhonde la nyumba, ndipo palibe anapita kukalifunsa. Ngongole ija anabweza movutika zedi, mwana wawo wamkulu anakhala pakhomo teremu yathunthu osapita ku sukulu, azakhali anagulitsa mbuzi. Nde munthu ameneyu ukamuuza kuti lamulo la nyanja, mmutu mwake mumabwera utsi wa ukonde uja ndi magetsi a boti lija. Simubwera chambo chikuswana.

Achimwene nawo ali ndi zawo zimene anaona, ndipo sindifuna kuti wina aziwatenga ngati munthu wa mtauni wosadziwa kanthu. Ntchito yawo inawafikitsa ku Malombe, ku Mangochi uko, ndipo anacheza ndi akuluakulu amene anaona ndi maso nyanja yodzaza chambo ikusanduka ya kambuzi yekhayekha mu zaka zochepa chabe. Kumeneko nkumene makomiti a m'madoko aja timati ma BVC anayambira mu 1993, boma litaona kuti lokha silingathe kulondera nyanja, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linadzapereka mpata woti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali. Amadziwanso kuti mu 2018 bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Iwo akaona neti ya udzudzu ikukokedwa mmphepete momwe tiana ta nsomba timabisala, kapena maukonde opyapyala aja oletsedwa amene akang'ambika amatayidwa m'madzi nkumapitiriza kupha nsomba okha, mtima umawapweteka zenizeni. Anandiuzapo kuti mantha awo ndi oti Salima adzakhale Malombe wachiwiri ife tikukanganabe. Mantha amenewo ndi oona.

Kungoti achimwene sanagonepo ndi njala chifukwa cha nyengo yotseka. Malipiro awo amalowa pa mwezi kaya nyanja yatsekedwa kaya yatsegulidwa. Ndipo nyengoyi imagwera nthawi yoipa kwambiri pa chaka, chimanga chikutha m'nkhokwe, mitengo yake ikukwera pa msika, feteleza akufunika, Januwale ndi fizi ali pafupi. Sindikuwanena, ndikungofotokoza kuti lamulo lomwelo kwa iwo ndi chiyembekezo, kwa amalume ndi miyezi ya ngongole.

Tsopano chimene chimandichititsa chidwi, ndipo ndi chifukwa chake ndakhala pansi kulemba zonsezi, ndi Mbenji.

Amene simukudziwa, Mbenji ndi chilumba cha kuno ku Salima, dera la Senior Chief Makanjira, ndipo anthu amakwerera pa doko la Chikombe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko amatseka usodzi kuzungulira chilumbachi nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, asodzi onse amachoka, pachilumba pamakhala zii. Nthawi yotsegula pamachitika mwambo, mfumu imalankhula, malamulo amakumbutsidwa pagulu. Pachilumba saloleza mowa, saloleza chamba, saloleza juga. Ukaphwanya umathamangitsidwa, ndipo aliyense amadziwa kuti wakuti wathamangitsidwa chifukwa chakuti. Ndipo akatsegula utaka umaphedwa wambiri, wokhwima bwino, moti ogula amachokera kutali kudzadikira pa Chikombe.

Amalume anga omwe aja, ozemba nyengo yotseka kwathu, amapita ku Mbenji. Ndipo kumeneko samaphwanya kanthu. Miyezi yotseka ndi yambiri kuposa ya boma, malamulo ndi okhwima kuposa a boma, munthu wokonda kachasu ngati iwo amakhala masabata osalawa, koma simudzawamva akudandaula. Ukawafunsa amakuyankha mosavuta: kuja akatseka amatsekera aliyense, ndipo akatsegula nsomba umaiona. Basi. Zinthu ziwiri zokha. Palibe anawachitira wekishopu, palibe anawapatsa tisheti yolembedwa uthenga, iwo anangoona kuti mwini injini zambiri ndi mwini bwato limodzi onse achoka tsiku limodzi, ndipo anaona phindu lake m'dengu mwawo.

Nde ine ndikamamva anthu pa wailesi akuti vuto la asodzi ndi umbuli, akufunika kuwaphunzitsa, zimandiwawa. Munthu yemweyo sangakhale mbuli ku Senga Bay nkukhala wozindikira ku Mbenji. Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Chimene chinasintha si mutu wa amalume, ndi mmene lamulo linawafikira.

Sindikuti ku Mbenji zonse zili bwino. Pachilumba paja amayi saloledwa kufikapo, ndipo ine lamulo limenelo silindikomera ngakhale pang'ono. Amalume amati ndi mwambo wa makolo, amatinso limateteza mabanja ndi matenda, ndipo achimwene a ku Lilongwe pa nkhani iyi yokha amagwirizana nawo, amati chinthu chikuyenda bwino osachigwedeza. Koma onse awiri ndi amuna. Ine ndinakula ndikuona mayi anga akudikira kumtunda ndi ndalama zawo m'chitenje, nsomba zikufika zitadutsa kale m'manja mwa anthu awiri atatu aliyense ataikapo yake, ndipo ndimadziwa zimene amayi ena amakumana nazo m'madoko kuti apeze nsomba nthawi imene zavuta, zija sitimazitchula pagulu koma aliyense wa kunyanja amazidziwa. Ndikamva mawu oti amayi asafike, ine ndimamva kuti amayi agule modula ndipo akhale kumapeto kwa mzere. Apa nanenso ndikulankhula kuchokera pa zimene ndinaona, monga amalume ndi utsi wawo uja.

Ndipotu ukandifunsa ine kuti vuto lalikulu la kunyanja ndi chani, sindiyamba ndi chambo. Ndiyamba ndi zimbudzi ndi madzi akumwa. Kolera uja anayamba mu Malichi 2022 nkupitirira mpaka 2023, anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ife a m'maboma a m'mbali mwa nyanja anatipweteka kwambiri. Mayi anga anadwala. Anadzuka bwinobwino kupita kudoko, pofika masana munthu wafooka maso alowa mkati, tinawanyamula pa njinga yamoto wina atawagwira kumbuyo, ndipo ndinakhala panja pa tenti ndikumva fungo la klorini, ndikuona anthu ena akulowa ndi odwala awo nkutuluka okha. Mayi anachira, Mulungu ndi wabwino. Koma kuyambira pamenepo ndikafika pa doko lililonse maso anga amayamba asaka chimbudzi. Anthu mazanamazana amagona pamchenga nthawi ya usipa, ena ochokera ku Nkhotakota, ena ku Mangochi, ena ku Nkhata Bay, madzi omwewo otsukira nsomba, omwewo osamba, omwewo ena akumwa, chimbudzi chimodzi kaya palibiretu chifukwa pamchenga dzenje limagumuka.

Ndimakumbuka kuti mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zitachedwetsedwa kutsegulira chifukwa cha kolera, mpamene anzanga ambiri a mtauni anayamba kulemba za matendawa pa Facebook ndi mantha enieni. Sindikuwaimba mlandu, munthu umaopa chimene chafika pakhomo pako. Koma ife kunyanja tinali titaika kale maliro. Ndichifukwa chake nkhani ya pulojekiti yopopa madzi a m'nyanja kuchokera kuno ku Salima kupita ku Lilongwe imamveka mosiyana kutengera kumene wakhala. Achimwene amene mpopi wawo umauma masiku angapo ku Area 25 amaiona ngati chipulumutso, ndipo akunena zoona, mzinda uja wakula kuposa madzi ake. Mayi wa kumudzi kwathu amene amatunga m'nyanja ndi ndowa amafunsa funso limodzi lokha, kuti paipiyo ikamadutsa ife itisiyira mpopi? Eni pulojekiti amati madera a m'njira nawo adzapindula. Anthu akufuna adzaone madzi akutuluka kaye, ndipo ine sindingawanene kuti ndi osayamika.

Pali nthawi ina imene ndinaona kuti zimene munthu wakumana nazo, ngakhale zili zoona, sizikuonetsa chithunzi chonse. Mu 2024 nyanja inadzaza modabwitsa, akuluakulu ankati anaiona chonchi komaliza cha m'ma 1980. Ku Senga Bay madzi analowa m'malo ogona alendo, analowa m'nyumba za anthu, mathandala oyanikira usipa anamira, malo amene tinkasewera mpira tili ana kunkadutsa mabwato. Anyamata ambiri ogwira ntchito m'maloji anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Ndipo pakamwa pa aliyense panali mawu amodzi: atsegule ku Liwonde. Anthu ankakhulupirira ndi mtima onse kuti madzi atsekeredwa dala pa baraji ya kumeneko, zitseko zija za pa mtsinje wa Shire, kuti magetsi asavute, ife tizimira.

Ndili ndi kasitomala wanga, mayi wa ku Nsanje amene amuna awo anabwera kuno pa ntchito. Tsiku lina anthu akukamba zimenezi pashopu, iye anangoti abale, madzi mukuti atsegulewo akupita kuti? Anthu anakhala chete. Iye anafotokoza za kwawo, mmene Shire amachitira akadzaza, mmene namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anawasiyira, anthu kugona m'makalasi miyezi, minda kukwiririka ndi mchenga. Nyanja yonseyi khomo lake lotulukira ndi limodzi, Shire, ndipo pa Shire pomwepo mpamene pali Nkula, Tedzani ndi Kapichira kumene magetsi ambiri a dziko lino amachokera, kumunsi kwake kuli Chikwawa ndi Nsanje. Baraji ya ku Liwonde inamangidwa mu 1965 kuti madzi otuluka aziyendetsedwa mwa muyeso, chifukwa mbiri imatiuzanso kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika mpaka Shire anasiya kutulutsa madzi. Nde amene amagwira zitseko zija akatsegula kwambiri amiza ena, akatseka kwambiri amiza ena, ndipo mvula imene inadzaza nyanja inagwa kumpoto ndi ku Tanzania, sinafunse aliyense.

Mayi uja sanasinthe maganizo a anthu onse pashopu paja, ena anapitiriza kunena kuti boma likutizunza. Koma ena anayamba kufunsa mafunso ena, oti nanga bwanji sanatichenjeze msanga, nanga bwanji anthu analoledwa kumanga mpaka m'madzi, nanga amene nyumba zagwa athandizidwa bwanji. Ndipo chimene chinawasuntha si chikalata chochokera ku likulu, chinali munthu mnzawo amene anamirapo mbali inayo ya mtsinje womwewo. Ine ndimakhulupirira kuti munthu amene akulankhula kuchokera pa bala lake umamufika pomuonetsa bala la mnzake, osati pomuuza kuti lakelo silikupweteka.

Za njovu ndingodutsapo, koma ndi nkhani yomweyi. Pakati pa 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi Majete kupita ku nkhalango ya Nkhotakota, dziko lonse linanyadira ndipo nzoyeneradi kunyadira. Mnyamata amene analembedwa ntchito ya ulonda wa nyama kapena yokonza mpanda akuuzani kuti njovu ndi chuma. Mlimi wa kufupi ndi nkhalango ya Thuma kuno kwathu amene anadzukapo nkupeza munda wa chimanga utaphwasulidwa usiku umodzi akuuzani zina. Onse akunena njovu yomweyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: pa zokumana nazo zonsezi, ndi za ndani zimene zimafika pa tebulo pomwe zinthu zimagamulidwa? Salima ndi boma la misonkhano, aliyense amadziwa. Sabata iliyonse magalimoto a mabungwe ndi a maunduna amatsika msewu wa ku Lilongwe kupita m'mahotela a kunyanja kukakambirana za umphawi, za usodzi, za amayi, za kusintha kwa nyengo. Kunja kwa mpanda wa hotela yomweyo kuli anthu amene akukambidwawo, ndipo malo ena mpandawo unatseka njira imene makolo awo ankadzera popita kukatunga madzi ndi kukakocheza mabwato. Akati aitane oimira anthu, amaitana omwe aja a nthawi zonse, odziwa Chingerezi pang'ono, odziwa kusaina pa pepala la alawansi, odziwa mawu amene alendo amafuna kumva. Si anthu oipa. Koma mayi amene ali ndi usipa pa thandala sangasiye nsomba zake padzuwa kupita ku miting'i ya 9 koloko mmawa, ndipo mlovi amene wafika kumtunda mbandakucha nthawi imeneyo ali mtulo. Nde lipoti limatuluka lonena kuti anthu afunsidwa ndipo agwirizana nazo.

Ngakhale njira zathu za m'mudzi zili ndi vuto lomweli. Pa pepala zinakonzedwa bwino, nkhani iyambire ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ipite ku ADC, komiti ya dera lonse, ikafike ku khonsolo, monga mmene lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linafunira kuti mphamvu zitsikire kwa anthu. Koma kumbukirani kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala. Ife amsinkhu wanga tinakula osadziwa kuti khansala ntchito yake ndi chani, tinkangodziwa kuti ukafuna mlatho, bokosi la maliro kapena fizi umapita kwa MP. Mpaka lero anthu ambiri kwathu amaona choncho, ndipo ukawauza kuti pitani ku VDC amakuyang'ana nkukufunsa kuti VDC inayamba yamangapo chani. Amene anaonapo mjigo ukubwera chifukwa anaulemba ku VDC amapita ku misonkhano mokhulupirika. Amene analemba nkudikira zaka osaona kanthu anasiya. Achinyamata a mtauni amawatcha anthu otere osakonda chitukuko, koma iwo anayesa, ndipo akuchita mogwirizana ndi zimene anapeza.

Ma BVC nawonso ndi choncho. Pali madoko amene komiti ndi yolimba, mfumu ili kumbuyo kwake, ukonde woletsedwa ukagwidwa sayang'ana kuti ndi wa ndani, ndipo kumeneko asodzi eni ake ndi amene amakanena akaona wina akukoka neti ya udzudzu. Pali madoko ena amene wapampando wa komiti ndi mwini maukonde ambiri pa doko lonse, kaya ndi mlamu wake wa mfumu, ndipo aliyense amadziwa kuti ukapereka kangachepe ukonde wako ubwerera usiku. Mwana wokulira pa doko loyambalo ndi wokulira pa lachiwirilo adzakhala ndi maganizo osiyana pa za malamulo moyo wawo onse, osati za nsomba zokha, ngakhale za msonkho, za apolisi, za mavoti. Zimenezi zimandiopsa kuposa kutha kwa chambo, chifukwa mwana wa amalume uja anakhala teremu osapita ku sukulu, pano ndi bambo wa ana awiri, ndipo sanavotepo. Ndinamufunsa chifukwa chake, anandiyankha kuti achemwali, zinthu za boma zimagwira anthu ngati ife, sizitithandiza. Ndinayesa kumutsutsa, ndinamukumbutsa za katemera wa ana ake, za sukulu ya pulayimale yaulere kuyambira 1994 imene iyenso anaphunziramo, anavomera zonsezo koma nkhope yake sinasinthe.

Ine mbali yanga ndi yodziwika, nyanja izitsekedwa. Pamenepa ndili ndi achimwene, ndipo amalume ndinawauza pamaso. Usipa ndi umene watisunga zaka zonsezi chambo chitachepa, ndipo tikapitiriza chonchi nawonso tidzausowa, mayi anga ndi anzawo adzagulitsa chani. Koma ndimakana kuti njira yake ndi kuchulukitsa misonkhano yophunzitsa anthu zimene akuzidziwa kale. Ndalama imene imapita ku ma alawansi ndi zakudya za m'hotela itagula mafuta a boti lolondera usiku, nkugwira boti lalikulu limodzi lokha lokokera kumtunda, nkulengeza pa wailesi ya m'dera kuti lagwidwa ndipo lalipira zakuti, uthenga umenewo ungafike doko lililonse kuchokera ku Chipoka mpaka ku Dwangwa lisanathe tsiku. Asodzi amauzana nkhani msanga kuposa wailesi yomwe. Komiti iliyonse itamapachika pa mtengo wa pa doko ndandanda wa maukonde olandidwa ndi ndalama za chindapusa ndi kumene zapita, anthu angayambe kuona komitiyo mwa njira ina. Ndipo ntchito zija za mthandizi zimene anthu amalipidwa pokonza misewu ndi kudzala mitengo zitamaikidwa dala m'midzi ya asodzi miyezi yotseka, alovi angakhale ndi pothawira, chifukwa mwini ukonde ali ndi kena kosunga koma mlovi amadya za tsiku lomwelo.

Kwathu komiti ya pa doko inavomera chaka chino kuti msonkhano wokonzekera nyengo yotseka uzichitika madzulo, usipa utachotsedwa pa mathandala, alovi atadzuka koma asanalowe m'madzi. Anakakamira zimenezi ndi amayi a banki mkhonde, mayi anga ali momwemo, ndipo atafika sanayambe ndi nkhani ya maukonde, anayamba ndi chimbudzi, kuti pa ndalama imene ogula nsomba amadula pa doko patuluke ya simenti ndi njerwa zomangira dzenje losagumuka. Amuna ena anang'ung'udza kuti si nkhani ya tsikulo koma inalembedwa. Amalume anabwera mochedwa, anakhala kumbuyo pa bwato logadabuzika, ndipo atapatsidwa mpata anafunsa funso lawo lomwe lija la maboti akuluakulu, ulendo uno pamaso pa mlangizi wa zausodzi ndi a mfumu. Mlangizi anayankha kuti nkhaniyo aitengera ku ofesi ndipo anapereka nambala yoti anthu aziimba akaona boti likukokera kufupi. Amalume anailemba mu foni mwawo. Achimwene ndawauza kuti Disembala akabwera ku holide asangofikira ku loji, adzagone kumudzi, ndipo usiku akakhale nawo pakhonde la amalume kuyang'ana kunyanja.